Kampani Yanga ndi Denga la Apongozi

Mpaka lero, mvula ikayamba kulira pa malata ndimatuluka m'nyumba ngati ndaiwala chinthu panja. Ana amaganiza kuti ndikukatsekera nkhuku. Zoona zake n'zakuti phokoso limenelo limandikumbutsa chaka chimene ndinali mkulu wa kampani, ndipo sizinandithere bwino.

Ndinagwirako ntchito ku ofesi ina ya maakauntanti ku Limbe. (Kumudzi ndinkati ndili ku akaunti. Ntchito yeniyeni inali kujambula mapepala pa makina ndi kuphika tiyi.) Tsiku lina ndikujambula, maso anga anagwera pa nkhani ya kampani ina ya kunja imene inali itangolowa kumene pa msika wa masheya. Inalibe fakitale, inalibe sitolo, ngakhale wilibala. Inangotolera ndalama kwa anthu n'kuzisungitsa ku banki, ndi lonjezo lakuti ifunafuna bizinesi yabwino yoti igule, ndipo ikalephera pa nthawi yoikika, aliyense zake zimubwerera. Ndinajambula tsamba limodzi lapadera n'kulipinda m'thumba, ndikudabwa kuti anthu akulemera chonchi ine ndili kalikiliki kutsuka makapu.

Ntchito itatha, ndinapita kukakhala ku Ndunde, kwawo kwa mayi a kunyumba. Amene anakhalako pa chikamwini akudziwa kuti mkamwini wobwera ndi shuga kumapeto kwa mwezi ndi mkamwini wobwera ndi chikwama cha zovala salandira moni wofanana. Palibe anandinyoza. Kungoti mpando umene ankandithamangira nawo unayamba kuchedwa kufika, mpaka ndinazolowera kukhala pa njerwa. Zinkandipweteka, ndipo ndinkafunitsitsa kuti mudzi umenewo undionenso ngati munthu.

Ndiye ndinatulutsa pepala langa lija. Ndinasonkhanitsa abale a mkazi wanga n'kuwafotokozera kuti tiyambe kampani yopanda katundu, ine ndikhale wofunafuna bizinesi yoti tigule chaka chisanathe. Malamulo ndinangokopera momwe analili. Limodzi linkati tsiku lovomereza kugula likafika, aliyense ali ndi ufulu wotenga ndalama zake zonse, ngakhale atakhala kuti wavomera nawo. Sindinalimvetse, koma linkamveka lachilungamo ndipo anthu analikonda kwambiri (pamenepa munthu wanzeru akanayamba kukayika).

Inali nthawi yogulitsa nandolo, choncho m'matumba munali kenakake. Malume a mkazi wanga, a Muhiwa, ndiwo anayamba. Alamu anatsatira, kenako azimayi ogulitsa tomato. Omaliza anali apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga. Ine ndi iwo tinkaopana mwachikale. Tikakumana pa njira iwo ankapatukira m'chinangwa, ine n'kumapereka moni kwa mtengo wapafupi. Choncho ndalama zawo zinadzera mwa mwana wawo, zomangidwa m'kansalu. Zinali za nandolo wa zaka zingapo ndi mbuzi imodzi, ndipo ankazisungira malata. Nyumba yawo inali yaudzu, ndipo mudzi wonse unkadziwa mawu awo akuti sakufuna kufa asanamve mvula ikulira pa denga lawo. Uthenga umene unabwera ndi kansaluko unali wakuti mwina kampani ya bambo ifulumizitsa zinthu.

Nditapita ku Limbe kukatsegula akaunti, ndinadzera kwa mnzanga Gondwe, akauntanti weniweni wa ku ofesi kuja, kuti aone mmene ndalembera chuma cha kampani. Anayang'ana, n'kuvula magalasi.

"Izi walemba kuti ndi chuma cha kampani si chuma cha kampani," anatero. "Ndalama imene mwini wake angabwere kudzaitenga umailemba pambali, suiphatikiza ndi zako. Ndi mlendo ameneyu, ndipo mlendo ndi mame. Zoyendera, zikole, zonsezo zimachoka m'thumba mwa iwe woyambitsawe."

Ndinamuyankha kuti malamulo amenewo ndi a anthu osadziwana, pomwe anga ndi abale, ndipo m'bale sathawa m'bale wake. Anati chabwino, n'kuvalanso magalasi. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma tsiku limenelo ndinangoona ngati nsanje. Potuluka ndinakapangitsa chidindo cha kampani chokhala ndi mutu wa mkango, ndi ndalama za mlendo yemwe uja.

Kufunafuna bizinesi kunandiyendetsa. Ndinakaona minibasi imene mwini wake ananenetsa kuti ndi yabwinobwino, kungoti injini ili kwa mlamu wake. Ndinakaona damu la nsomba limene linali ndi achule okhaokha. Ulendo uliwonse unkadya thiransipoti ndi kachakudya ka mkulu wa kampani, ndipo zonse ndinkatapa m'thumba lomwelo. Chaka chitatsala pang'ono kutha ndinamva kuti Che Saidi a ku Ntchema akugulitsa chigayo chawo cha dizilo. Anandilandira bwino, anachiliza ine ndikuona, ufa n'kutuluka woyera bwino. Anandiuza mosabisa kuti pali winanso amene akuchifuna, ndiye ngati ndatsimikiza ndipereke chikole, ndipo ndikadzabwerera m'mbuyo chikolecho sichibwerera. Ndinapereka, n'kudinda mkango pansi pake.

Madzulo ake mkazi wanga anandiuza kuti wamva zoti magetsi akufika cha kumeneko ndipo wina akumanga chigayo cha magetsi, chimene chimagaya motchipa. Ndinamuuza kuti nkhani za kampani n'zovuta kuzimvetsa munthu amene sanagwirepo mu ofesi. Iye anangopitiriza kusankha nyemba.

Tsiku lovomereza tinakumana pansi pa mtengo wa mango. Ndinavala jekete kunja kukutentha. Nditafotokoza za chigayo, ndinapempha kuti ovomera akweze manja, ndipo manja onse anapita m'mwamba. Ngakhale apongozi, amene anakhala patali atandipatsa msana, anakweza lawo. Nthungululu zinalira. Malume a Muhiwa anaimirira n'kunena kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo mudzi uno unachita mwayi ndi mkamwini wa sukulu. Tsiku limenelo mpando unabwera msanga, wa ndalema.

Kutacha m'mawa, ndisanasukusule n'komwe, ndinamva odi. Anali malume. Tinapatsana moni wautali, tinakamba za mitengo ya feteleza, za chifuwa chimene chavuta ana, kenako anakanda kumutu n'kufunsa ngati kalamulo kaja kotenga ndalama kakadalipo.

"Koma malume, dzulo munavomera," ndinatero.

"Tinavomera ndi mtima wonse, bambo. Chigayo n'chabwino, mugule ndithu. Kungoti ineyo ndiyambe ndapumako."

"Nanga bwanji simunakane dzulo lomwelo?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zamwano. "Tikanakukanani bwanji pagulu, inu mutavala jekete?"

Atangotuluka anabwera alamu. Kenako azimayi a tomato, awiriawiri, aliyense atagwada bwinobwino, aliyense akuyamikira chigayo. Za magetsi zija onse ankazidziwa kalekale. Palibe anafuna kundichititsa manyazi pansi pa mango, ndipo lamulo langa lomwe linawatsegulira njira yaulemu, yovomera ndi dzanja n'kukana ndi thumba. Ndinakatapa zonse ku banki n'kuyamba kubweza, aliyense zake zathunthu monga ndinalonjezera. Ndinkaperekeza aliyense mpaka pa njira ndikumwetulira.

Nditabweza womaliza ndipamene mawu a Gondwe anandifika. Chikole cha Che Saidi, maulendo a minibasi ndi achule, mkango uja, dzenje lonselo linagwera munthu mmodzi yekha amene sanabwere kudzatenga zake. Apongozi. Zimene zinatsala m'manja mwanga zinali zongokwana misomali.

Ndinkaganiza kuti sanabwere chifukwa cha mwambo, poti sakanatha kundiyang'ana kumaso n'kunditchula za ndalama. Zimenezo zinandiwawa koposa, kuti ulemu wawo ndi umene wawadyetsa. Patapita masiku ndikuzengereza, ndinapita kwawo ndi mkazi wanga. Ine ndinakhala pa khonde la kumaso, iwo kuseri, mkazi wanga pa ngodya kuti azinyamula mawu, ngakhale tinkamvana bwinobwino (nyumbayo ndi ya zipinda ziwiri). Ndinafotokoza zonse. Kenako ndinawamva akulankhula.

"Uwauze bambo kuti anzanga anakweza manja chifukwa cha manyazi. Ine ndinakweza langa chifukwa ndimaona mmene amakusungira iweyo. Amene atenga zawo ndi amene atuluka. Ine sindinatuluke, ndikadali momwemo."

Sindinalirepo pa khonde la munthu, koma tsiku limenelo ndinalira, n'kumanamizira utsi ngakhale panalibe moto.

Choncho kampani inapitirira ndi mwini masheya mmodzi, wantchito mmodzi ndi chidindo. Mvula isanayambe ndinakamweta udzu n'kukwera pa denga lawo kukafolera, iwo atakhala kuseri kwa nkhokwe kuti tisaonane. Ndinayamba maganyu, kulembera anthu makalata, kuonkhetsa masamu a ogulitsa nandolo, ndipo ndikapeza kangachepe ndinkagula lata limodzi n'kukalitsamiritsa kuseri kwa nyumba yawo. Lililonse likafika ankatuma mwana wawo kudzandiuza kuti phindu la kampani alilandira. Kalipentala anati tidikire akwane onse, chifukwa denga silikhomedwa theka. Ndinavomera. Ndinkaona ngati nthawi ilipo.

Anadwala sabata imodzi yokha, pakati pa dzinja, malata atatsala ochepa kuti akwane. Anamwalira m'nyumba yawo yaudzu, pansi pa udzu umene ndinafolera ine.

Tsiku la maliro mitambo inada, ndipo anyamata posowa chopangira chisakasa anapita kuseri n'kutenga malata aja. Anawayala pa mitengo patsogolo pa nyumba, bokosi n'kuikidwa pansi pake. Nyimbo yoyamba isanathe mvula inatsika, n'kuyamba kulira pa malatawo mwamphamvu mpaka kwaya inasiya kumveka. Malume a Muhiwa, amene anakhala pafupi nane, anayang'ana m'mwamba n'kundinong'oneza kuti malata amenewa ndi olimba, ndinasankha bwino. Ndikudziwa kuti ankafuna kunditonthoza.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzira kulemba pambali ndalama za eni ake. Ndinaphunzira, ngakhale palibe amene wandisungitsanso ndalama chichokereni. Anthu akandiombera m'manja masiku ano, ndikafika kunyumba ndimafunsa mkazi wanga kuti amatanthauza chiyani. Koma kuchenjera kwenikweni ndiye sikunabwerebe. Malata otsala aja ndinakagula ndithu mwezi wotsatira, ndipo denga tinalikhoma. M'nyumbamo simugona munthu. Mvula ikayamba, ndikatuluka muja ana amati ndikukatsekera nkhuku, ndimakaima pa khonde lakumaso la nyumba ya apongozi ija, pamalo panga pa nthawi zonse, kuti mwini kampani amve bwino mvula ikulira pa denga lake ali kuseri.