Asilikali Anga Olondera Thonje

Lolemba, Malichi 1954
Ndikupalira thonje m'munda wa apongozi kuno ku Golomoti, ndaona zodabwitsa! Kachilombo kofiira kabaya mbozi ndi mlomo wake wonga singano, n'kuiyamwa mpaka kutsala khungu lokha. Pambali pake gulugufe wausiku, wotuwa, wa m'nkhalango za kuphiri, wangoti phee patsamba. Khasu ndaika pansi. Woopsa ndani pa awiriwa?

Lachiwiri
Ndawayerekeza.
Wofiira: mlomo wobaya, miyendo yaitali, khama.
Gulugufe: mapiko a fumbi, tulo tsiku lonse. Mlesi.
Nzeru yabwera! Ndiwete ofiirawa akhale asilikali olondera thonje. Mwina apongozi angaleke kudandaula kuti mkamwini wa sukulu salima. Akatopa nane ndibwerera kwathu ku Mua wopanda mkazi.

Lachitatu
Ndatola asilikali ambiri ndithu, ndawatsekera mumphika. Mphikawo ndi wa apongozi. Mwambo suwalola kundiyankhula pamaso, ndiye auza mbuzi ine ndili pomwepo: "Iwe mbuzi, udzu wa m'thonje wafika m'chiuno."

Lachinayi
Asilikali achepa, koma chivundikiro chili bwinobwino. Ndasuzumira. Akudyana okhaokha! Amayambira wamng'ono. Ndi njala kapena chidani? Ndaonerera mpaka dzuwa kupendeka. Kumunda mawa.

Lachisanu
Watsala mmodzi, wonenepa. Ndamugwira kuti ndione bwino mlomowo. Mayo ine! Chala chatupa, mpini sukugwirika. Mkazi wanga akuti, "Anzanu amalumidwa kumunda, inu bambo mwalumidwira mumphika."

Loweruka
Ndapita kumunda. Masamba obooka, mbozi paliponse, timazira kuseri kwa masamba. Kani gulugufe uja amagona masana kuti usiku aziikira mazira! Ine n'kumamutcha mlesi. Thupi lofewa chotero, munda wonse wautha osabaya aliyense. Apongozi auza mbuzi kuti ankhoswe abwera mawa. Ndili ndi mantha, sindinama.

Lamulungu
Titachoka ku Misa ankhoswe agamula: ndikhale mpaka nthawi yothyola thonje, likakanika ndinyamule mphasa yanga. Msilikali ndakamutaya kutchire, sanatembenuke n'komwe. Mawa ndiyamba kutola mbozi ndi dzanja lamanzere, imodziimodzi. Mkazi wanga akuti andithandiza, bola ndisamaziyang'anitsitse.