Zikomo Bwana Wapampando, Impso Zanga Zakupindulirani

Kwa Olemekezeka Bwana Wapampando,
Bungwe la Dontho la Chifundo,
Nyumba yosanja yamagalasi ija, chipinda chapamwamba.

Bwana,

Ndagwada pansi, ngakhale kuti masiku ano kugwada kumandivuta chifukwa cha kutupa kwa miyendo. Mundikhululukire kuti munthu wamba ngati ine, wometa tsitsi wa kuseri kwa depoti ya mabasi, ndikulembera inu amene munazolowera makalata a anthu amataye. Dzina langa silingakuthandizeni. Nkhope yanga ndiyo mumaidziwa bwino, poti ndi imene ili pa chikwangwani chachikulu cha bungwe lanu pamphambano yolowera m'tauni, pamwamba pa mawu akuti "Perekani, Mupulumutse Moyo." Ndine amene, bwana. Ndikadali moyo, ndipo ndaona kuti n'chamwano kufa osathokoza.

Impso zanga zinanyanyala ntchito chaka chatha. Adokotala anati magazi anga azitsukidwa ndi makina katatu pa sabata. Kuchipatala chachikulu makina ndi ochepa, odwala tili ngati nyerere pa shuga, choncho ndimapatsidwa mpando wa pamakinawo kamodzi pa sabata, kawiri mwayi ukandimwetulira. Kuchipatala cholipira mpando ulipo tsiku lililonse, koma kuti ndikhalepo kamodzi kokha ndiyenera kumeta mitu mwezi wathunthu, osadya, osalipira lendi. Ndiye mutha kuona chimwemwe chathu tsiku limene anthu anu analowa m'chipinda chathu chotsukira magazi ndi makamera. Kuyambira pamenepo mwandichitira zambiri, ndipo ndaziika m'ndondomeko kuti ndisaiwale chilichonse.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha chithunzi. Wojambula wanu ndi katswiri. Tsiku limenelo ndinali nditavala malaya anga abwino, ndevu nditazikonza monga mwa ntchito yanga. Iye anandipempha mwaulemu kuti ndivule malayawo, ndifunde bulangete la chipatala. Kenako anati, "Bambo, musamwetulire, mukuoneka ngati mwachira." Ndinamvera. Chithunzicho chinatuluka chomvetsa chisoni kwambiri moti apongozi anga atachiona ali m'basi anaimba foni kufunsa kuti thupi lili kuti. Makasitomala anga anachionanso. Ambiri tsopano amakametetsa kwina, poti palibe amene amafuna lumo pakhosi pake lili m'manja mwa munthu amene tauni yonse yauzidwa kuti agwa nthawi iliyonse. Adokotala ankandiuza kuti ndizipuma, ine osamva. Inu mwandipumitsa.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha ulendo wa ndawala uja. Tinauonera pa kanema wa m'chipinda chathu, mapaipi ali m'mikono. Anthu onenepa bwino, ovala matisheti oyera, akuyendera ife. Mwina simudziwa kuti ife madzi akumwa amatiyezera m'kakapu, chifukwa tikamwa ambiri amadzaza m'mapapo. Ndiye zinatikhudza mtima kuona mabwana akudzithira mabotolo a madzi kumutu m'dzina lathu. Madzulo ake kuhotela munanyamula cheke chachikulu ngati chitseko, n'kulengeza kuti zapezeka ndalama zogulira makina atsopano ndi kulipirira odwala osauka. Mayi a kunyumba analira. Anaimbira achimwene awo kuti asiye kufunafuna wogula makina osokera a mayiwo. Ine ndinawakumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, iwo anati ndine wosayamika. Makina osokerawo tinagulitsabe, kenako firiji, kenako mipando, ndipo mwana wathu wamkazi anaimitsa maphunziro ake akukoleji. Nyumba yathu tsopano ndi yotakasuka, mphepo imayendamo bwino.

Chachitatu, ndikuthokoza chifukwa cha makina. Anafika amodzi. Munabwera ndi atolankhani, munadula riboni, munandigwira paphewa. Atolankhani atachoka, zinadziwika kuti makinawo anabwera opanda zosefera, ndipo ndi amtundu umene zipangizo zake sizipezeka kuno. Akadali m'pulasitiki mwake pafupi ndi khomo, koma sakungokhala ayi: anamwino amaikapo zikwama zawo, ndipo alonda akatopa amatsamirapo. Galimoto zatsopano zimene bungwe linagula mwezi womwewo ndiye zinabwera ndi zipangizo zonse. Ndinaziona zitandandalika pamthunzi tsiku limene ndinabwera kuofesi kwanu kudzafunsa za thandizo langa. Kapeti yanu ndi yofewa, bwana. Mapazi anga otupawa sanapumepo ngati tsiku lija. Mlembi wanu anandiuza kuti muli kunja kwa dziko, kumsonkhano wophunzira mavuto a anthu odwala impso. Ndinachita manyazi kuti mwakwera ndege kukafuna zimene ndikanakuuzani ulere titakhala pabenchi. Koma ine sindipereka alawansi, ndiye ndikumvetsa.

Chachinayi, ndikuthokoza chifukwa cha nkhata yamaluwa. Mpando woyandikana ndi wanga unali wa bambo wina woyendetsa malole amene tinkawatcha a Wayilesi, chifukwa makina akayamba kulira nawonso ankayamba, osatseka pakamwa mpaka kumapeto. Ankatiuza za misewu yonse imene anadutsa, ankaseleula anamwino, ndipo wodwala watsopano akamaopa singano ankamunamiza nkhani mpaka singanoyo italowa iye osadziwa. Thupi lawo linkafuna kutsukidwa pafupipafupi kuposa langa. Anagulitsa nyumba, kenako analibenso chogulitsa. Akazi awo anayendera ofesi yanu mpaka nsapato zinatha, ndipo nthawi zonse ankauzidwa kuti pempho lawo lili patebulo. Sabata yawo yomaliza a Wayilesi anabwera atatupa mpaka m'maso, akupuma ngati munthu wokwera phiri, ndipo kwa nthawi yoyamba anakhala chete. Potuluka anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, mudzandimete bwino." Ndinawameta, bwana, m'nyumba yachisoni. Thandizo lanu linafika tsiku la maliro: nkhata yaikulu kuposa zonse, yamaluwa enieni, dzina la bungwe litalembedwa ndi zilembo zagolide. Panafunika amuna awiri kuti ainyamule. Apa palibe anganene kuti munachedwa, poti inafika bokosi lisanatsike.

Chachisanu, ndikuthokoza chifukwa cha lipoti. Mwana wanga uja analemba kufunsa kuti ndalama za cheke chija zinayenda bwanji. Munamutumizira kabuku kokongola, kosalala, kodzaza zithunzi zanu mukugwirana chanza ndi anthu. Kumapeto kwake kuli chozungulira chodulidwa ngati keke. Chigawo chachikulu n'cha "kayendetsedwe ka ntchito," chotsatira n'cha "kudziwitsa anthu," china n'cha "kukulitsa luso la ogwira ntchito." Cha odwala ndinachipeza nditabwereka magalasi, n'chopyapyala ngati lezala. Malisiti mulibe, dzina la wofufuza ndalama wochokera kunja kwa bungwe mulibenso, koma mwalemba kuti anthu zikwizikwi "afikiridwa." Mwana wanga anandifotokozera kuti aliyense amene anadutsa pa chikwangwani chija wafikiridwa. Ndiye kuti ndine amene ndakhala ndikuwafikira anthu onsewa, pamvula ndi padzuwa, popanda malipiro. Amiseche ena m'chipinda chathu amati mbuzi imadya pomwe aimangirira. Ine ndimawadzudzula. Ndimawauza kuti mbuzi imadya udzu wokha, chingwe ndi mtengo imazisiya, choncho kukuyerekezani ndi mbuzi n'kuchepetsa luso lanu.

Sindikunena kuti mwaba, bwana. Ine ndani? Ndimadziwa kuti lendi ya ofesi imalipidwa, antchito amadya, mafuta agalimoto sagwa kumwamba. Kungoti amayi ogulitsa mumsika, aphunzitsi ndi akumpingo amene anapinda ndalama zawo n'kuponya m'zitini zanu amandiimitsa panjira n'kumandifunsa kuti, "Kodi zija tinapereka zija zinakuthandizani?" Ndimangowapatsa moni n'kupitirira, poti kunama kumanditopetsa kuposa matenda.

Dzulo ndinalandira khadi londiitana kuphwando lanu la chaka chino, kuti ndikalankhule monga mboni ya ntchito zanu zabwino. Ulemu umenewu wandikulira. Ndili ndi kapempho kamodzi kokha, ndipo sikafuna ndalama. Phwandolo lidzachitikire m'chipinda chathu chotsukira magazi. Mudzabwere ndi onse amene anapereka, aang'ono ndi aakulu omwe. Oimba ndi ophika muwasiye, poti ife zamchere anatiletsa. Mudzangonyamula malisiti, n'kutiwerengera mokweza, limodzilimodzi, kuti tidziwe kuti matenda athuwa anagula chiyani, anagulira ndani. Omvera odekha ngati ife simudzawapeza kwina kulikonse: timakhala titamangiriridwa ku makina maola anayi, sitingatuluke pakati pa zolankhula zanu, ndipo mphamvu zokuwizira munthu tilibe. Za pokhala musade nazo nkhawa, chifukwa kwathu kuno sipatha mwezi wina asanatisiyire mpando wake. Chonde tsikulo lisakhale lakutali, bwana, poti ndingakonde kudzamva ndi makutu anga.

Ine wanu wogwada, wothokoza mpaka mpweya womaliza,

Wometa tsitsi,
Mpando wa pazenera,
Chipinda chotsukira magazi.