Kamtondo ka Apongozi

Mukandiona ndikadali pachikamwini kuno ku Majaua, musamati ndimakondapo. Chinandimanga miyendo ndi tchipisi.

Ndinali nditapempha chitengwa kuti ndipite ndi mkazi wanga kwathu ku Molumbo. Amalume ake, eni mbumba, anati abwera Lamulungu tikaweruka ku Misa kudzamva nkhaniyo. Ine poti ndinagwirako ganyu pachiwaya kumalire a Milange, ndinafuna kuwaonetsa kuti mwana wawo sakafa ndi njala. Ndinati ndiwakazingire tchipisi cha chinangwa, chothira zonunkhiritsa zangazanga, osati za m'mapaketi zija.

Ndinalowa kutchire n'kuthyola mpungabwi, chanzi ndi titsabola tija timamera tokha m'mbali mwa munda. Ndinaziyanika padenga. Zitauma, mkazi wanga anangonunkhiza n'kundiyang'ana.

"Bambo a Zito, mpungabwitu ife timathamangitsira udzudzu."

"Inu simunayende," ndinawayankha. (Ine kuyenda kwanga konse n'kumalire komweko.)

Vuto linali posinjira, chifukwa mumtondo waukulu munali mphale. Pakhonde la apongozi ndinaona kamtondo kakang'ono, kakuda bii. Mukudziwa inu, mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso, ndiye ndinadikira kuti apite kudimba n'kukabwereka mwakachetechete. Fungo lake linandidabwitsa pang'ono, koma ndinati n'kukalamba kwa mtengo. Nditasinja ndinakabwezera osatsuka, kuopa kuti akakapeza konyowa azindikira.

Lamulungu tchipisi chinapsa bwino, ndipo ufa wanga ndinawaza mosaumira. Amalume anayamba akugwedeza mutu, ine mtima m'malo. Posakhalitsa anayetsemula mpaka chipewa chinagwa. Kenaka thukuta, misozi, uku atagwiritsa mpando ngati ali m'minibasi yapamsewu wokumbika.

"Epa! Akamwini, dzikotu likuzungulira. Mwathiramo chiyani umu?"

"Zakutchire basi, amalume."

Ananunkhiza mbale ija. "Kutchire kwanuko kumamera fodya wosinjasinja?"

Apa m'pamene mkazi wanga anandinong'oneza kuti kamtondo kaja amayi ake amasinjiramo fodya wawo wapamphuno. Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana. Amalume atamwa madzi anangoti nkhani ya chitengwa aisiya m'manja mwa mlongo wawo, n'kunyamuka akukankha njinga, kukwera osayerekeza.

Atapita ndinakumbukira tsabola amene ndinamusiya m'kamtondo muja. M'mawa mwake tinamva apongozi akusinja, kenaka kuyetsemula kosalekeza kuseri kwa nyumba. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinati chitengwa chisiyeni, pano ukwati womwe watha.

Masana mkazi wanga anabwera ndi uthenga, akuluma mlomo kuti asaseke.

"Amayi akuti chimfine chija chinawavuta nyengo yonse yozizira chatha, mphuno zatseguka. Akuti fodya wokoma chonchi sanamufwenkhepo chibadwire."

"Ndiye chitengwa avomera?"

"Akuti mkamwini wadzanja lotere sangamulole kupita ku Molumbo. Aziwasinjira ndani?"

Kamtondo kaja pano kamakhala pakhonde langa. Fodya wa apongozi akatsala pang'ono, ndimatenga thumba n'kulowa kutchire kukathyola mpungabwi, ndipo ndimasinja bwinobwino chifukwa kuwaipitsira dala ndimaopa. Tchipisi sindinakazingenso. Amayi anga ku Molumbo akafunsa, ndimawauza kuti tibwera tikakolola, koma sinditchula chaka.