Chishango cha Bambo Anga Chasanduka cha Asamburu

Mtenguleni,
Fort Jameson.
14 Juni, 1958.

Kwa Olemekezeka Bwana Wamkulu wa za Nyama ndi Alendo,

Ndagwira mwendo wanu, Bwana. Ine ndine Jethro Shawa, amene ndinamasulira mawu pa boma zaka makumi atatu ndi chimodzi ndisanapume. Ndine nkhalamba ija munaitumizira mesenjala Loweruka lapitali kuti idzamasulire pamene munkationetsa zithunzi za ulendo wanu wa ku Kenya. Mtima wanga wadzaza, ndipo ndaona kuti kuthokoza kotereku nkosayenera kubisika.

Choyamba, zikomo chifukwa cha nyama. Tinaona nyamalikiti wa mawanga onga ukonde, mbidzi ya mizere yothithikana, nthiwatiwa ya miyendo yobiriwira, ndi kagwape ka khosi lalitali kamene kamadya masamba kataimirira ndi miyendo iwiri ngati mwana woba mango. Ana anaomba m'manja, poti ambiri anali asanaonepo nyama yam'tchire. Zathu zija munalamula kuti ziomberedwe zonse pothana ndi ntchentche za kaodzera. Tsopano ndamvetsa nzeru yake: nyama imakoma kuiona ukaiyendera masiku asanu ndi anayi.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha Asamburu. Munati ndi anthu aulemerero, okonda ng'ombe, osataya mwambo wa makolo, ndipo anyamata awo atakuvinirani ndi mikondo munagwetsa misozi. Ndinamasulira zonsezo osasiya liwu, kuphatikizapo misoziyo. Madoda achingoni amene anakhala kumbuyo anakhosomola kwambiri, koma musawaganizire zoipa. Ndi mwezi wozizira uno.

Chachitatu ndiye mwini nkhani. Potsiriza munatulutsa chishango, nkunena kuti munapatsidwa ndi mkulu wa ankhondo achisamburu m'mbali mwa mtsinje wouma. Izinso ndinamasulira, ngakhale lilime linalemera.

Ine ku Kenya sindinapondeko, choncho sindingatsutse. Ndikungodabwa ndi mphamvu za Mulungu, kuti kutali konseko kunabadwa ng'ombe yakuda ya banga loyera longa khasu, chimodzimodzi nkhunzi ya bambo anga. Chishango chakecho chinapsanso m'mphepete chakumanzere, monga chinapsera chathu nyumba itayaka chaka cha dzombe. Ndipo chogwirira chake nchomangidwa ndi mphira wa njinga wa zigamba ziwiri zofiira. Inu munatiuza kuti ndi chikopa cha ngamira. Ngamirayo ndikuidziwa, Bwana. Ndinaigula ndekha kwa Mmwenye, ndipo inanditengera kuntchito zaka zisanu ndi chimodzi.

Chachinayi, ndikukumbutsani pang'ono, poti akuluakulu amakhala ndi zambiri m'mutu. Pa 3 Ogasiti, 1941, tinkavina ngoma pa maliro a bambo anga aang'ono. Kunafika bwana wachinyamata, wofiira mawondo, amene anati gule wa zishango amautsa mtima wa nkhondo, ndipo analanda chishangocho m'manja mwa mkulu wanga Petulo. Lamulo lakelo ndinamasulira ndine, pamaso pa abale anga, ndipo ena sandipatsabe moni mpaka lero. Bwanayo anakula bwino, anakwezedwa, ndipo masiku ano amalira akaona anthu akuvina ndi mikondo.

Chiyambire tsikulo ndalemba makalata makumi awiri ndi atatu. Ndinayankhidwa kawiri. Kalata ya boma yoyamba inati nkhaniyi ikuganiziridwa. Yachiwiri inati chishangocho chinadyedwa ndi chiswe. Ndikuyamika chiswe cha boma, chimene chimadya chinthu nkuchibweza chopakidwa mafuta.

Petulo tsopano saona, ndipo chifuwa chamugoneka kuyambira Pasaka. Mkazi wake, mlamu wanga Dolika, akuti usana wonse dzanja lake lamanzere limangofumbata bulangete. Sapempha mankhwala. Akufuna agwireko chishango cha bambo ake, ndipo tsiku lake likadzafika mwana wake adzachinyamule potsogolera maliro, monga tichitira Angoni. Nthawi yodikira kalata yachitatu palibe.

Choncho pempho langa nlaling'ono, ndipo ndalipatsa njira ziwiri kuti musavutike. Ngati chishangocho nchathu, mutumize mesenjala yemwe uja, njira akuidziwa. Koma ngati nchachisamburudi, pakuti mawu a Bwana sagwa pansi, ndiye kuti bambo anga anali Msamburu, ife osadziwa. Zikatero mutilembere zitupa zatsopano, ine ndi Petulo, zonena mtundu wathu weniweni. Pamenepo kuvina kwathu sikudzakhalanso mlandu. Mudzabwera ndi kamera ndi kampango kopukutira misozi, ndipo ulendo wake ndi wa ola limodzi lokha pa galimoto.

Mudzangokumbuka kutenga chishangocho, kuti chithunzi chidzakome.

Ine wantchito wanu wakale, womasulira mokhulupirika zoona ndi zinazo,

Jethro Shawa
(Mngoni, pokhapokha mutalamula mwina)