Tsiku Limene Kachidebe Kanakana Kukhota

Abale anga, ndapeza malo! Ndapeza! Kalata yafika dzulo, dzina langa lotayipa ndi makina, Esinati Phiri, Fomu Wani, kusukulu ya atsikana ya m'tauni ija imene tisanalandire ufulu tinkangoionera pampanda, ndipo amayi aionetsa kale mzere wonse wa nyumba zathu kuno ku Mpopoma, ndi osadziwa kuwerenga omwe. Koma musanayambe nthungululu imani kaye, chifukwa malo amenewa ndinatsala pang'ono kuwataya, ndipo wolakwa si wina, ndine ndemwe ndi Chingerezi changachi.

Atate amagwira ntchito kunjanji. Bwana wawo mzungu ponyamuka kupita ku Joni anawasiyira kagalimoto kobiriwira, kakang'ono, timakatcha Kachidebe, ndipo m'kati mwake munali buku lofotokoza kasamalidwe kake. Atate Chingerezi chawo chimathera pa moni, ndiye wowerenga bukulo ndinali ine. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, iwo panjerwa, ine pabampala, ine kuwerenga n'kumasulira, iwo kugwedeza mutu ngati akumva ulaliki.

Ndiye kusukulu kuja anandiitana kuti ndikaonane ndi ahedi Loweruka naini koloko, wochedwa malo ake apita kwa wina, analemba choncho. Unali mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno kong'amba milomo kuja, m'mawa udzu uli mbee. Ine pofuna kuti ulendo ukhale wopanda vuto ndinatsegula buku lija, n'kupeza tsamba lathunthu likuti nyengo yachisanu msewu umaterera, dalaivala wanzeru amachotsa matayala wamba n'kuika a mano akuluakulu. Panali ndi chithunzi, kagalimoto ngati kathu komwe kali pakati pa zinthu zoyera. Ndinasuzumira panja, udzu woyera. Ndinayang'ana pachithunzi, zoyera. Inu mukanati chiyani?

"Atate, chiyambire kuzizira takhala tikuyenda ndi matayala olakwika. N'chisomo chabe kuti tili moyo."

Amayi anali kusita, sanatukule n'komwe mutu. "Ndakalambira mu Bulawayo muno, sindinaonepo galimoto itaterera chifukwa cha mphepo. Msewu uli gwa, fumbi lokhalokha."

"Amake Esinati, inu mwawerenga buku?" anatero atate. "Mwana wawerenga."

Lachisanu ataweruka tinapita ku Mabutweni kwa a Ndlovu, bambo wokonza matayala pansi pa mtengo, amene amalankhula Chindebele n'kumaponyamo Chinyanja chimene anatola kwa anthu a kwathu. Anayenda mozungulira Kachidebe akumenya tayala lililonse ndi phazi.

"Hawu, Phiri, awa ndi atsopano, mano onse alipo. Akulakwira chiyani?"

"Ndi a dzuwa," atate anayankha. "Tikufuna a chisanu."

A Ndlovu anayang'ana kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe, kenako anayang'ana ine. Apa ndiye pamene ndikanatseka pakamwa. Koma ayi, ndinatsegula buku, ndinaima njo ngati patsiku lolandira mphotho, ndinawawerengera ndime yonse m'Chingerezi, n'kumasulira, chala chili m'mwamba. Munthu wa imvi, amene anayamba kupopa matayala amayi anga asanabadwe, ine kumuphunzitsa ntchito yake!

"Kulungile, mntanami, chabwino mwana wanga," anatero, "wophunzira sitikangana naye." Anazungulira kuseri n'kugubuduza matayala anayi a kalole ka pafamu, onenepa, mano ngati a ng'ona. "Oposa awa kulibe. Koma ndi aakulu, Phiri. Ndanena, mtengo uwu ndi mboni."

Ndinawayerekeza ndi chithunzi n'kulengeza kuti ndi omwewo. Basi anasinthana, athu abwinobwino aja n'kutsala pamenepo. Kuti alowe pamalimu inali nkhondo, zitsulo ziwiri, madzi a sopo, a Ndlovu kudumphapo ndi mapazi onse awiri akunena mawu a Chindebele amene sindingalembe pano. Kachidebe kali pajeke mawilo ankazungulira bwinobwino. Atakatsitsa kanaima ngati mwana wavala jombo za bambo ake. Pobwerera tinali awiriwiri, kankangolira wuu wuu, pokhota kukhula pang'ono, atate n'kumati, "Ukumva? Akugwira msewu amenewo."

Loweruka m'mawa kunatulukira azakhali a Naphiri, mlongo wawo wa atate, amene pogawa thupi Mulungu sanawamane. Palibe anawaitana. Akuti mwana wa achimwene awo sangakaonekere kwa ahedi wopanda womuperekeza, ndipo mpando wakutsogolo ndi wawo, ine ndi amayi kumbuyo. Atangokhala, basiketi ya mbatata pamiyendo, Kachidebe kanati fwaa, kukhalira matayala.

Pamsewu wowongoka tinayenda, fungo la mphira wopserera lili tho. Pakona yoyamba atate anapotoza chiwongolero, kunamveka khwee, galimoto n'kuima. Tayala laluma madigadi, chitsulo chokuta tayala chija.

"Tatsikani kaye, achemwali. Nanunso kumbuyoko."

Tinatsika, kagalimoto kanadzuka, kanakhota kokha ndi atate, ife kuthamangira pambuyo n'kukweranso. Abale anga, mukudziwa kuti kuchoka ku Mpopoma kukafika m'tauni pali makona angati? Ine sindinkadziwa. Lero ndimaidziwa iliyonse, ndi nkhope za anthu amene anaimapo.

"Achimwene," azakhali akupuma wefuwefu pakona yachinayi, "ine ndabwera kudzakwera galimoto kapena kudzaiperekeza wapansi?"

Pafupi ndi Egodini, pokwerera mabasi paja, ndiye kunali chionetsero chaulere. Amayi ogulitsa malalanje anasiya malonda, makondakitala a mabasi kuimba likhweru, wina n'kukuwa, "Wena Nyasa, thirakitala iyi ukukalima nayo kwa yani?" Amayi anga anatembenuka pang'onopang'ono n'kundifunsa mwaulemu woopsa, "Esinati, buku lako likuti chiyani za azakhali ako?"

Tinafika pasukulu kutatsala mphindi zisanu. Geti lake n'lopapatiza, polowa pamafunika kukhota kwambiri, ndipo ngakhale tonse titatsika Kachidebe kanangolowetsa mphuno n'kukanirira pakati penipeni, kutsogolo ayi, kumbuyo ayi, utsi uli tolo. Kumbuyo kwathu magalimoto a makolo ena mzere, mahutala pi pi pi, atsikana ovala bwino akusuzumira m'mawindo. Ine ndinagwada n'kuyamba kukankha tayala ndi manja, ngati lingandimvere chifundo, kenako n'kupukuta thukuta kumaso ndi manja omwewo.

"Thamanga, mwana iwe, zisiye zimenezo!" amayi anakuwa.

Podutsa panalibe. Ndinatsomphola mapepala anga pampando, ndinakwera paboneti ndi yunifomu yosita bwino ija, ndinatsetserekera m'kati, liwiro mpaka ku ofesi. Dzina langa anali akuliitana kachiwiri.

Ahedi ndi mayi wachikulire wachizungu, wa magalasi, ndipo windo lawo limayang'ana kugeti. Anandiyang'ana kumaso kwakuda mphira, kumawondo, n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse lipoti la kusukulu kwathu. Ndinapereka. Analiyang'ana nthawi yaitali. Linali buku la galimoto! Lipoti ndinalisiya pampando!

"Galimoto yatseka geti langa ija ndi ya kwanu?"

"Inde, madamu."

"Matayala amenewo anasankha ndani?"

Ndikanati atate. Ndikanati a Ndlovu, kodi akanawapeza kuti? Koma ndinati, "Ndine, madamu. Ndinawerenga m'menemo."

Anandiuza kuti nditsegule tsambalo ndiwerenge mokweza, kenako ndifotokoze m'mawu anga. Ndinawerenga, sindinaphonye ngakhale liwu limodzi. Iwo anabwerera patsamba loyambirira n'kuloza pamene analemba kuti bukulo ndi la ku Mangalande.

"Zoyera izi," anatero akugogoda chithunzi, "zimagwa kuchokera kumwamba ngati mvula, zimaunjikana mpaka m'mawondo, msewu n'kuundana. Ine ndinabadwira m'zimenezo. Chibwerere kuno sindinaziponde."

Ndinalakalaka simenti itang'ambika ndilowe. Iwo anavula magalasi n'kuyamba kupukuta m'maso, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. "Kuwerenga ukudziwa. Kunama sukudziwa. Za maiko ndi nyengo zake ndiye ntchito yathu ife. Pita ukasambe kumaso, mayi ako abweretse lipoti."

Potuluka ndinapeza azibambo ovala masuti, makolo a anzanga a m'kalasi a chaka chamawa, atanyamula Kachidebe m'manja ngati bokosi la maliro kukachotsa pageti, azakhali akulamula ndi mbatata m'dzanja, atate akuthokoza aliyense payekhapayekha, chipewa pachifuwa. Kubwerera kunyumba makona anali omwe aja. Sindifotokoza.

Ndiye kalata yafika, malo ndi anga, ndalumpha mpaka kupweteka chala. Ndinapempha atate kuti tikatenge matayala athu akale. Anapita, koma a Ndlovu anali atagulitsa kale tsiku lomwe lija, akuti abwino ngati amenewo sagona pansi pa mtengo. Atate sanadandaule. Anabwereka sowo yodulira zitsulo, anacheka madigadi onse anayi, tsopano Kachidebe kamakhota, koma kulira kwake mumakamva kali ku Mabutweni inu muli kuno, ndipo fumbi lonse limathera mwa oyenda pansi.

"Awa ndiye matayala," akutero akuwasisita. "Sangathe mpaka udzamalize Fomu Folo. Za basi iwala, mwana wanga, ndizidzakutula ndekha pageti pomwe paja m'mawa uliwonse."

Zaka zinayi, abale anga! Pageti pomwe paja!

Ndalumbira, ndisanawerengerenso munthu wamkulu buku lililonse ndiziyamba ndaona kuti analilembera anthu a kuti. Ndipo lija ndalibisa pansi pa matiresi, chifukwa tsamba lotsatira likunena zomanga matcheni kumatayala, ndipo kunjanji kumene atate amagwira ntchito matcheni ndi osayamba.