Matemba m'mimba mwa kompyuta

Ndiyambe ndi mfundo zake, monga anatiphunzitsira ku nyuzipepala. Hadi diski ija inafa. Inafera m'nyumba mwanga ku Balaka, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo pa maliro ake pankamveka fungo la ndiwo. Alipo amene amati ndinaipha ndine. Werengani, muweruze nokha.

Chinali chaka cha njala, nthawi imene makamera osalira filimu anali atangofika kumene. Ine ndinkatola nkhani za ku Balaka ndi Machinga n'kumatumiza kwa mkonzi ku Blantyre. Ndinali nditangobwera kuchokera ku Kalembo, kumene ndinajambula amayi akuwiritsa mango osakhwima, nkhokwe zili pululu kumbuyo kwawo. Amayiwo sanafune kujambulidwa. Analola nditawauza kuti zithunzizo zikaonedwa ndi anthu amene amatumiza malole a chimanga. Mkonzi ankazifuna pa siidi, siidiyo ikwere minibasi nyuzi ya sabata imeneyo isanasindikizidwe.

Koma kompyuta yanga inali yodzaza. Hadi diski, kwa amene simudziwa, ndi kabokosi kachitsulo kosungiramo zonse zimene munthu walemba ndi kujambula, ndipo yanga inalibenso malo ngakhale a chithunzi cha chiphaso. Ndinagula ina kwa bambo wina wa geni amene ankabwera pa sitima kuchokera ku Nayuchi, kumalire ndi dziko la Apwitikizi. Ndinamasula chivundikiro cha m'mbali mwa bokosi la kompyuta, ndinaisanjikiza pamwamba pa yakale, ndinalumikiza mawaya. Inayaka. Ndinasamutsira zithunzi zonse mu yatsopanoyo, kenaka ndinafufuta za m'kamera kuti mukhale malo. (Inde, ndinafufuta. Khadi la m'kameramo linali laling'ono. Musandiyang'ane choncho.)

Ndisanatseke ndinaona chinthu chimene opanga makompyuta safuna kukamba. M'bokosimo, kupatula mawaya ndi kafani kakumbuyo kotulutsa mpweya wotentha, muli malo ambiri ongokhala. Chipinda chathunthu chopanda lendi.

Tsono kunyumba kunali alamu anga, Che Saidi, achimwene awo a mayi a kunyumba. Anachokera ku Kalembo komweko kudzationa, ndipo anali asanamalize kutiona. Kwathu kuno mlendo samanidwa, makamaka mlamu, makamakanso chaka cha njala. Vuto linali mphuno yawo. Ankadziwa kuti m'nyumba mwalowa shuga asanalowe pakhomo. Chinthu chimodzi chokha ankachiopa, ndicho kompyuta, chifukwa wina anawauza kuti imagwira shoko ngakhale itazima.

Ine ndinali ndi kajumbo ka matemba ouma a ku Chiuta, amene ndinagula ndili pa ntchito ku Machinga. Ndinkafuna afike kumapeto kwa mwezi. Ndinawaika pansi m'bokosimo, kutsogolo, kutali ndi fani. (Lembani zimenezo: kutali ndi fani.) Ndinatseka.

Masiku oyamba zonse zinali bwino. Litafika tsiku lojambula siidi, kompyuta inayamba ntchito, inafika pakati, sikirini inasanduka yabuluu, kenaka thi! Ndinayatsanso. Inazimanso. Nditagwira bokosi, linali lotentha ngati chiwaya cha tchipisi.

Munthu wina aliyense akanatsegula n'kuona. Koma Che Saidi anali atakokera mpando pafupi kuti aonere ulere, ndipo sankasuntha. Kutsegula pamaso pawo kunali kuulula kuti ndawabisira ndiwo alamu anga. Choncho ndinayamba kufufuza vutolo mwa dongosolo, kuchokera kunja.

Ndinaichotsa pafupi ndi khoma. Inazima. Ndinaikweza pa njerwa kuti mpweya uzidutsa pansi. Inazima. Ndinatsegula zenera ndi chitseko, nkhuku za aneba zinalowa, iyo inazima. Ndinanyowetsa chitenje n'kuifunditsa pamwamba ngati mwana wa malungo. Inapirira pang'ono, n'kuzima. Kuzima kulikonse kunkatayitsa siidi imodzi, ndipo hadi diski yatsopano inayamba kulira kuti khe, khe, khe.

"Alamu," anatero Che Saidi, "chitsulo chimenechi chazolowera kwa Apwitikizi. Sichikumva chinenero."

"Ndi kutentha chabe, alamu. Tatengani lichero muzikupiza."

Anakupiza ndi mtima wonse, atatalikira. Ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa masamu, chifukwa mphepo ya lichero inkalowa kutsogolo kwa bokosi n'kubwerera kumaso kwawo. Ndinaona mphuno ija ikugwedera.

"Kodi aneba akukazinga chiyani chaka chino?"

"Ndi mawaya amenewo. Akatentha amanunkha choncho."

"Mawaya?" Ananunkhizanso. "Wallahi, mawaya amenewa ndi a ku Chiuta."

Anapita pakhomo, ananunkhiza, anabwerera. Analowa kukhitchini, anavundukula mapoto opanda kanthu, anabwerera. Kenaka anaima n'kuloza pansi. Mzere wa nyerere unali kuchokera pazenera, kutsika khoma, kukwera njerwa, kulowa m'kompyuta mwa ulemu ngati anthu a pamzere wa chimanga.

"Izinso zikukawerenga nkhani?"

Foni inalira. Anali mkonzi. "Achimwene, siidi ija yakwera?" Ndinati ikukwera posachedwa. Anati tsamba akundisungira, koma osati mpaka kalekale.

Apa ndinasankha zithunzi, manyazi adzaona okha. Ndinazimitsa, ndinamasula chivundikiro. Mayi a Chifundo, akazi anga, anali ataima pakhomo la kuchipinda, ndipo ndinadabwa kumva akuti, "Bambo a Chifundo, bwanji osangopita nayo kwa okonza?"

Chivundikiro chinachoka. Matemba anga anali pomwe ndinawasiya, atatuluka mafuta, akununkhira ngati Khirisimasi. Koma kumbuyo, chopanikizidwa bwinobwino pa fani mpaka mapiko ake osatha kuzungulira, kunali chijumbo china chimene ine sindinachidziwe. Ufa woyera.

Ndinatembenukira kwa mayi a Chifundo.

"Ndinakuonani mukuika," anatero mayi a Chifundo. "Ndinati ngati muli malo a ndiwo, a ufa asowa bwanji? Ndi wa phala la mwana."

"Mwatseka fani!"

"Ine ndimadziwa kuti kampheroko n'kofunika? Mukanandiuza."

"Ndikanakuuzani bwanji zinthu zachinsinsi?"

Che Saidi anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana ine. Ndinkayembekezera kuti akwiya, amange katundu. Iyayi. Anatenga temba limodzi, analiyang'ana uku ndi uku, analiponya m'kamwa.

"Apsa bwino," anatero. "Chemwali, tereka madzi. Zonse zilipo."

Tinadya. Titatha ndinapukuta fani, ndinatalikitsa ma hadi diski awiri aja kuti pakati pazidutsa mpweya, ndinayatsa bokosi lili chitsegulire. Yakale inadzuka bwinobwino. Yatsopano inangoti khe kamodzi, basi. Zithunzi za amayi a ku Kalembo zinapita nayo.

Ndinapempha mkonzi kuti andidikire sabata ina, ndipo ndinabwerera ku Kalembo pa njinga ndi kamera. Che Saidi anati andiperekeza, ndipo anatsogola. Pamene ndinkatsamiritsa njinga pa mtengo, mudzi wonse unali utamva kale za matemba a m'kompyuta.

Ndinawapempha amayi aja kuti akhalenso pafupi ndi miphika yawo ya mango. Anakhala. Ndikangokweza kamera, wina ankanong'ona kuti, "Muonetsetse, mwina umonso muli usipa," ndipo onse ankagwa ndi phwete. Mayi wina wowonda kwambiri, amene ulendo woyamba sanayankhule n'komwe, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ndinawadandaulira kuti nkhaniyi ndi ya njala. Anati akudziwa, njalayo ndi yawo.

Siidi inakwera minibasi. Mkonzi anaimba.

"Achimwene, anthu anjala ake ndi amenewa? Onse mano pamtunda?"

Ndinamuuza kuti ayang'ane m'miphikamo, ayang'ane mikono ya amayiwo, ayang'ane nkhokwe. Ngati akufuna anthu osaseka, abwere adzawaletse yekha. Anasindikiza chimodzi, ndipo mpaka lero ndimati pa zithunzi zonse za chaka chimenecho, choona kwambiri ndi chimenecho.

Phunziro lilipo, sindikana. Hadi diski imafuna mpweya, ndipo zithunzi sizisungidwa malo amodzi. Koma wina asandiuze kuti malo aja ndinasankha molakwika. Mukafuna kubisa ndiwo m'kompyuta, yambani mwawaonetsa akazi anu pamene pali fani.