Chithunzi Chimene Chikukana Kupita

Lolemba

Ndamugwira Mabvuto. Ndi maso angawa, ndi foni yomwe.

Ndikuchokera kokapikula tomato, dengu pamutu, ndikudutsa pa kiliniki ya kuno ku Budiriro. Pageti pali Mabvuto, mnyamata wofuna kukwatira Esinati wanga, yemwe abale ake akubwera Loweruka kudzakamba za ukwati m'nyumba mwanga. Dzanja lake lili m'chiuno mwa mkazi. Mkaziyo ndi woyembekezera, wotopa kale. Akumunyamulira ndi chikwama chomwe.

Ndatula dengu, ndabisala kuseri kwa kombi, minibasi ya kuno, ndajambula.

Kumuimbira Esinati n'kungotaya nthawi. Amagwira ntchito ya m'nyumba kutsidya kwa tauni, kuno amabwera Loweruka lokha, ndipo zonena zanga sazimva. Chaka chatha nditamuuza za mnyamata wina anandifunsa kuti umboni uli kuti, ngati tili kukhoti. Chabwino. Umboni ndi umenewu. Ndautumiza pa gulupu ya banja popanda mawu alionse, poti polemba pa foni zala zanga zimasochera. Aone kaye, kulankhula ndilankhula pambuyo.

Chithunzi sichikupita. Kagudumu kakungozungulira pakati pake.

Madzulo walowa uthenga wa kampani ya mafoni. Akuti akukonza busita, nsanja ija ya kumashopu, kuti zithunzi ziziyenda mwachangu. Apepesa. Masabata onsewa, akasankhe ino!

Lachiwiri

Kagudumu kakuzungulirabe. Kuimba kukutheka, mawu olemba akupita, koma chithunzi ayi.

Pa busita pali amuna a zipewa zachikasu, alendewera ngati mileme. Wina akudya buledi ali kumwamba komweko.

Zimene ndayesa lero:
kuzimitsa foni n'kuyatsanso
kukwera pa diramu la madzi
kuigwedeza
kugula bandulo ina, mwina yoyamba ija inali yofooka

Ndaganiza kuti mwina gulupu yachuluka anthu, chithunzi chikusowa polowera. Ndiye ndachitumiza kwa achimwene anga a ku Caledonia paokha, poti ndiwo ankhoswe a Esinati. Chakana. Ndachitumizanso kwa amayi abusa kuti ayambe kupemphera. Chakananso. Magudumu tsopano akwana atatu.

Bambo a Esinati sindinawauze. Mabvuto anawakonzera wailesi, ndiye kwa iwo mnyamatayo ndi mngelo.

Lachitatu

Pamzere wa pamjigo, anthu sakukamba za madzi lero. Nkhani ndi netiweki. Mai Tino oyandikana nafe akuti pa chulu cha kuseri kwa sukulu pamafika netiweki ya busita ina. Ndawasiyira tebulo la tomato, ndapita.

Pachulupo anthu adzaza, aliyense dzanja m'mwamba ngati tili pachitsitsimutso. Bambo wina akufuna kutumiza chithunzi cha kabati kwa kasitomala. Mtsikana wina akulira, chithunzi cha chiphaso chake chikufunika kuntchito. Cha bamboyo chapita, tonse taomba m'manja. Changa chayenda mpaka pafupi kutha, kenako chabwerera poyambira.

Mayi wina wafuna kundithandiza, akuti ndimupatse foni aone. Ndakana. Nkhani ya mwana wanga isayambire pachulu.

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Batire latsala kamzere kofiira.

Mawa ndikwera kombi kupita m'tauni. Kumeneko chipita, chifune chisafune. Ukwati umenewu sufika Loweruka.

Lachinayi

Sindinapite m'tauni.

Ndili m'kati momanga chitenje kuti ndinyamuke, Mai Tino akundikodola kuti kwabwera alendo. Ndikutembenuka, ndi Mabvuto. Pambali pake mkazi yemwe uja, mimba patsogolo. Ndati mumtima, koma mwanayu alibe manyazi, mpaka kudzandionetsa?

Mabvuto wanjuta, waomba m'manja mwaulemu.

"Amayi, uyu ndi mlongo wanga Tisa, wafika kuchokera ku Chipata. Wabwera ndi amalume pa nkhani ya Loweruka ija. Basi inamutupitsa miyendo, ndiye Lolemba ndinapita naye ku kiliniki. Wakana kudikira, akuti akuoneni msanga."

Mtsikanayo wamwetulira. Mpata wa mano wa Mabvuto weniweni. Mphuno yomweyo, makutu omwewo. Lolemba lija ndinkayang'ana mimba ndi dzanja basi.

Tisa akuti Esinati amamudziwa kale, amacheza pa foni tsiku ndi tsiku. Wandibweretsera mtedza wa kwawo m'kathumba.

Ndawapatsa tomato, anyezi, repu, ndi mpando wanga womwe. Ndimangoonjezera zinthu m'jumbo mpaka Mabvuto wati zakwana. Nthawi yonseyi foni ili pachifuwa panga, ikutentha ngati khala.

Atangokhota, ndaitulutsa kuti ndione chochita. Yaphethira kamodzi n'kuzima. Batire latha.

Mulungu adalitse amuna a zipewa zachikasu aja, ndi ana awo.

Lachisanu

Pulani yasintha. Tsopano ntchito ndi yoti chithunzi chisapite.

Vuto ndi ili. Kufufuta sindidziwa, amandichitira ndi Esinati. Kupempha wina, ndiye kuti achiona. Kuyatsa foni, ndiye kuti magudumu atatu aja ayambanso, ndipo tsiku lina afika.

Ndiye foni ikhale yakufa mpaka alendo atapita. Ndaikulunga m'duku, ndaiponya pansi pa sutikesi ya zovala za kutchalitchi. Magetsi sanabwerebe. Sindinadandaule, koyamba chibadwire.

Masana ndadutsa pa busita ngati ndikungoyenda. Ndamufunsa mmodzi wa amuna aja kuti atsiriza liti. Wayankha m'Chishona, monyadira, kuti ndisadandaule mhamha, ndiye kuti amayi, mawa ngakhale vidiyo izidzauluka. Ndamuuza kuti asathamange, ntchito ya kumwamba imafuna kudekha, angagwe. Wandithokoza, akuti anthu ena onse akungowatukwana. Ndamupatsa nthochi.

Madzulo ndakolopa, ndabwereka mipando, nkhuku ndamanga mwendo. Bambo a Esinati akufunsa kuti bwanji ndikuyimba nyimbo za maliro pokonzekera ukwati.

Loweruka

Esinati wafika m'mawa, wapanga tsitsi. Achimwene afika ndi jekete lawo la misonkhano. A kwa Mabvuto akhala pasofa, amalume awo pakati, Tisa pampando wofewa. Zonse zikuyenda bwino. Ankhoswe akulonjerana, akufunsana za mvula ya ku Chipata.

Ndikulowa ndi tiyi, ndikuona foni yanga pamwamba pa wailesi. Yoyaka.

Bambo a Esinati! Pofunafuna tayi anaipeza m'sutikesi, anapita nayo kwa Mai Tino kukaitchaja pa sola, akuti nanga tsiku lalikulu ngati lino mayi wa mwana akhale opanda foni? Akundiyang'ana kudikira kuti ndiwathokoze.

Sindinafike n'komwe pawailesipo. Panja anthu ayamba kukuwa kuti netiweki yabwera. M'nyumba mafoni alira onse pamodzi, ya Esinati, ya achimwene kawiri, ya bambo a Esinati. Ine chilili, thileyi m'manja.

Achimwene avala magalasi, akuza chithunzi ndi zala. Choyera bwino, ngakhale nambala ya kombi ikuwerengeka. Ayang'ana Mabvuto, ayang'ana Tisa, ayang'ana ine. Foni yayenda dzanja ndi dzanja mpaka yafika kwa Tisa.

Tisa waphulika kuseka. Akuti taonani mmene miyendo inalili, ngati mitondo. Akuti ndiye amayi munationa kale Lolemba, bwanji osatiitana? Amalume awo akuti n'zosangalatsa kuti banja lino limakonda alendo mpaka kuwajambula asanafike pakhomo.

Wayankha ndi Esinati, maso ali pa ine osaphethira.

"Amayi ndi amanyazi. Amakonda kujambula anthu ali patali."

Onse aseka. Ndathira tiyi, wina m'kapu, wina m'sosala. Nkhani yapitirira, agwirizana, tsiku la chinkhoswe alitchula. Nkhuku yatha yonse, ine sindinalaweko.

Zikanakhala kuti zala zanga zimadziwa kulemba, bwenzi pansi pa chithunzicho pali mawu amene ndinali nawo Lolemba. Sindifuna kuwaganiza.

Lamulungu

Ndinaiwala amayi abusa.

Chithunzi chinawafika dzulo lomwelo. Maso awo ndi ofooka, anangoona Mabvuto ndi mimba, n'kuganiza kuti ndi Esinati. Pofika ine kutchalitchi, amvano onse akudziwa. Ena akundigwira chanza kuti agogo, agogo. Ena akundiyang'ana mwachisoni. Ndayenda benchi ndi benchi, foni m'manja, kukuza nkhope ya Tisa kuti aone mpata wa mano. Ulaliki sindinaumve.

Masana ndi Esinati tikutsuka mapoto kuseri. Kenako wapukuta m'manja, watenga foni yanga, wandionetsa pofufutira. Akuti dinani apa, mugwire, kenako apa. Wandibwerezetsa mpaka ndakhoza.

"Ndikudziwa chimene mumafuna, amayi. Ulendo wina mudzangondiimbira. Ndidzamva."

Sindinatsutse. Ndamufunsa ngati amuuze Mabvuto. Akuti Mabvuto anandiona Lolemba lomwelo nditabisala kuseri kwa kombi, dengu la tomato lili poyera, koma anaopa kundichititsa manyazi. N'chifukwa chake anabwera ndi mlongo wake Lachinayi.

Ndakhala pansi pa chidebe. Mwana wa eni ake, ulemu wonse uja.

Ukwati ulipo. Mwana wanga akundilankhula. Madzi kulibe, magetsi kulibe, koma netiweki ili tho, mizere yonse.

Posachedwapa achimwene aimba. Akuti akambirana ndi amalume a Mabvuto, aona kuti palibe chifukwa chofunira wojambula pa chinkhoswe pamene m'banja muli munthu wa luso. Chithunzi chija akuti chinatuluka bwino kwambiri.

Ndavomera. Ndikanati chiyani?